"Fodya wako ndi amene ali pamphuno": atsibweni ankanena za zitini kapena za fumbi?

Mdzukulu_wa_Mitundu:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi galimoto ya MGB ya 1969 imene malemu bambo anga anandisiyira, ya injini ya 1798cc ndi makabuleta awiri a SU. Mwezi watha ndinachotsa zitini ziwiri zakale zija za air filter, zosefera mpweya wolowa m'injini, chifukwa zinachita dzimbiri ndipo mapepala am'kati anali bii, n'kuitanitsa zosefera zatsopano za K&N kudzera kwa msuweni wanga amene ali ku Johannesburg. Mpaka lero sizinafike. Ndakhala ndikuiyendetsa choncho, makabuleta ali kukamwa yasa, kuchoka ku Area 25 kupita m'tauni Loweruka lililonse. Lamulungu kunabwera atsibweni anga. Nditatsegula boneti injini ikulira, anaika chikhatho pafupi ndi kabuleta, anamva mmene ikukokera mpweya, n'kungoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo." Ine ndinati inde atsibweni, ndalama ndinalipira kale, katunduyo ndi wanga. Anapukusa mutu n'kuti, "Mphwanga, sunamve." Sanawonjezerepo kanthu mpaka kukwera minibasi. Usiku wonse mawuwa akhala akundizungulira m'mutu. Ankatanthauza chiyani?

Nabanda_Likuni:
Mwandikumbutsa agogo anga aakazi a ku Nkhoma. Kabotolo kawo ka fodya ankakamanga pansonga ya chitenje. Akakhala pakhonde madzulo ankagogoda kabotoloko pachikhatho, n'kutsina pang'ono ndi zala ziwiri. Tsiku lina, mwezi wa June kukuwomba mwera, anatsina fodya kenako anayamba kukalipira mbuzi imene inkadya mphale pamphasa. Pomwe amati abwerere kumphuno, pachala panalibe kanthu. Anatiyang'ana ife adzukulu n'kunena mwambi womwewu, wonse mpaka kumapeto. Chaka chimene achemwali anga anafuna kusiya ntchito ya m'sitolo chifukwa cha ina imene munthu anangowalonjeza pakamwa, agogo anabwerezanso mawu omwewo. Atsibweni anuwo amanena za zitini munachotsazo, achimwene.

Sipanala_wa_ku_Biwi:
Pepani amayi, pamenepa ndikutsutsani pang'ono. Onani pamene mkuluyo anaika dzanja. Sanaloze zitini, anagwira pamphuno pa galimoto. Kabuleta ndiyo mphuno ya injini, ndipo chilichonse chafika pamphunopo chalowa basi, ndi chako, sichituluka. Fumbi la Lilongwe kuyambira August mpaka mvula yoyamba mukulidziwa, lofiira lija, losalala ngati ufa. Likalowa limasakanikira ndi oyilo n'kumapala masilinda ndi malingi ngati sandipepa. Miyezi ingapo galimoto yayamba kufuka utsi wabuluu ndi kumwa oyilo. Zimenezo ndi zimene akutanthauza: chimene wakoka ndi mphuno ndi chako, udzachilipira wekha. Achimwene, imitsani galimotoyo lero lomwe.

Mphunzitsi_Wopuma_49:
Malangizo oimitsa galimoto ndi abwino, koma mwambiwu simunaumasulire bwino. Fodya wa agogo sichinali chinthu choopa, chinali chinthu chokoma, chopatsana pamaliro ndi padambwe. Mayi anga ankanena mwambiwu tikamawerengera chimanga chili m'munda ngati chalowa kale m'nkhokwe. Mwaiwala theka lachiwiri? Wapachala ngwamphepo. K&N ili ku Johannesburg, imeneyo ndiye ili pachala.

Sipanala_wa_ku_Biwi:
Aphunzitsi, theka lachiwirilo likundithandiza ine. Mphepo imanyamula chiyani? Si fumbi? Ine ndakhala ndi spanala m'manja kuyambira ndili mnyamata ndipo akuluakulu amene anandiphunzitsa ankalankhula chonchi, kutenga mwambi n'kuuika pachitsulo.

Koma poti nkhani yafika apa, achimwene a MGB mverani. Zitinizo musataye. Kumbuyo kwake kuli timbale ta aluminiyamu tokhala ndi milomo yozungulira bwino, timene timathandiza mpweya kulowa mosakhumudwa. Mafyuluta ambiri ogula padera, makamaka aphwatalala onyezimira aja amati pancake, kumbuyo kwake ndi lata lathyathyathya lakuthwa m'mphepete. Amakongola mukatsegula boneti, koma ena mkati mwake muli kawaya kokha ndi siponji yopyapyala, yoletsa ziwala osati fumbi la kuno. Chachiwiri, yanu ya 1969 ili ndi makabuleta a mtundu wa HS4, kukamwa kwake inchi imodzi ndi theka. Muwauze asuweni anu asatenge za HS2, za inchi imodzi ndi kota, zimenezo ndi za magalimoto a Midget ndi Spitfire a injini zing'onozing'ono, mabowo a mabawuti sangagwirizane.

Nachisale_Kawale:
Ine za magalimoto sindidziwa. Chimene chandigwira mtima ndi chakuti mwalemba kuti atsibweni. Ana anga onse amati ankolo. Mchimwene wanga akabwera, ankolo. Mlamu wanga, ankolo. Wogulitsa makala, ankolonso. Ndiye mwana angadziwe bwanji amene ali mwini mbumba, amene adzakhale kutsogolo tsiku la chinkhoswe chake? Agogo anga ankati mwana wosadziwa atsibweni ake ndi mlendo pamudzi pake pomwe. Nawonso ankakoka fodya, ankasinja okha pamwala, ndipo mlendo akafika ankayamba kumutambasulira chikhatho asanafunse n'komwe za kumene wachokera.

Mphunzitsi_Wopuma_49:
Mwalasa amayi. Bambo asanduka madala, mayi asanduka masteni, moni ndi "bho". Mwambi akaudziwa amaudziwa theka, monga mmene ambiri amathera pa "pamphuno" osafika pa "ngwamphepo". Ukadula mchira wa mwambi, aliyense amaumata tanthauzo lake. Ndi zimene zikuchitika pano.

Spitfire_wa_Area_47:
Aphunzitsi, si achinyamata tonse. Ine ndili ndi zaka 29 ndipo mwambiwu ndinaumva kwa agogo anga ku Dowa, pamene ndinkafuna kugulitsa njinga ndisanalandire ndalama za fodya ku okushoni ku Kanengo. Ndiye ndili mbali ya a Nabanda.

Pa za K&N ndiwonjezereko zimene zinandionekera pa Spitfire yanga. Nditaika, galimoto inayamba kutsamwa ndikaponda mafuta pokwera mtunda. Vuto loyamba linali gasiketi: pankhope ya kabuleta ya SU, kupatula mabowo a mabawuti, pali timabowo tina kumtunda timene timalowetsa mpweya kunsi kwa pisitoni ya m'kabuletamo. Ndinaika gasiketi chozondoka, timabowo tinatsekeka, pisitoni inkalephera kukwera bwino. Nditakonza zimenezo panatsala vuto lachiwiri. Fyuluta yomasuka imalowetsa mpweya wambiri, petulo amachepa, mapulagi anayera mbuu m'malo mokhala ofiirira ngati tiyi wamkaka. Zinatheka nditasintha singano za m'makabuleta n'kuika zopatsa petulo wochulukirapo. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, mpweya wake ndi wopepuka poyerekeza ndi ku England kumene anachunira magalimotowa, choncho musangotengera nambala ya singano imene mwawerenga kwina. Ikani, yendani mpaka ku Nathenje ndi kubwerera, kenako masulani mapulagi muone.

Sipanala_wa_ku_Biwi:
Mwana uyu walankhula zoona pa gasiketi. Ndiwonjezere kuti K&N ndi nsalu ya thonje yonyowetsedwa ndi oyilo wake wofiira, ndipo chimagwira fumbi ndi oyiloyo. Ikauma yasanduka chosefera ufa. Musaichape ndi petulo, musaipope ndi kompuresa, imabooka. Kuno kwathu, kwa munthu woyenda misewu yadothi, ine ndimakondabe pepala m'chitini chake chakale. Ndipo taonani, tonse tikukamba za chiyani? Za mphuno. Ndiye mukandiuza bwanji kuti mkulu uja sankanena za chimene chikulowa pamphuno?

Nabanda_Likuni:
Bambo a ku Biwi, inunso mwangonena kuti abwezere zitini zakale. Si zomwe ndinanena poyamba paja? Chimene ali nacho m'manja.

Sipanala_wa_ku_Biwi:
M'manja ayi amayi, mwambi ukukana za m'manja. Wapachala ngwamphepo. Zitini zili pansi m'galaja, nazonso zili pachala. Pamphuno pali fumbi.

Mdzukulu_wa_Mitundu:
Zikomo nonse. Galimoto ndaimitsa, ndatseka makabuleta ndi nsalu yoyera. Zitini ndazipeza kuseri kwa matayala akale koma kambale kamodzi ka aluminiyamu sikakuoneka, ndikukayikira kuti kanapita ndi anyamata ogula zitsulo. Atsibweni ndawaimbira kawiri, foni yawo ili kotchaja kumsika, wayankha ndi mwana. Alipo amene akudziwa kumene ndingapeze kambale kameneka ndi mapepala a saizi yake muno mu Lilongwe, kaya ku Biwi kaya ku Malangalanga?

Nachisale_Kawale:
Mukawapeza atsibweniwo muwafunsenso ngati kwawoko amati "ngwamphepo" kapena "ndi wamphepo". Agogo anga ankati ngwamphepo, koma mwana wanga akuti kusukulu anawalembetsa zina.