Tafika pati pokonzekera mpikisano wa gofu ku Nchalo

Mwezi watha ndinafunsa kuti timu yathu ingapirire bwanji kutentha kwa kuno kuchigwa. Zikomo achimwene amene munati tiziyamba mbandakucha. Tikumalowa m'bwalo 5 koloko, dzuwa la Okutobala lisanayambe kuswa mtengo. Ikamakwana 10 koloko ngakhale ndodo imaotcha m'manja. Madzi tikumamwa pa dzenje lililonse, m'mabotolo ena tikumasungunuliramo Thanzi, ndipo miyendo yanga yasiya kukokana pa dzenje la 14.

Vuto latsala m'mutu. Tidzasewera awiriawiri, mpira umodzi, kumenya mosinthana. Ndikauponya m'tchire, wokautulutsa ndi mnzanga, ine manyazi kundigwira mpaka dzenje lotsatira, dzanja n'kumanjenjemera. Tinagwirizana kuti mawu oti "pepani" asamamveke m'bwalo. Dzulo anandipulumukabe katatu.