Ana a mkombaphala apange chani choonetsa za kwawo pa 15 October? Ndithandizeni maganizo

Moni nonse pagulu pano, makamaka aphunzitsi a mkombaphala ndi makolo. Ine ndimaphunzitsa ana a zaka 3 mpaka 5 pa CBCC (sukulu ya mkombaphala) ya m'mudzi kuno ku Mchinji ndipo komiti yathu yagwirizana kuti pa 15 October, tsiku la anakubala, tiitane makolo adzaone ntchito za manja za ana awo. Ndikufuna mwana aliyense apange kanthu koonetsa chomwe amanyadira pakhomo pakwawo. Koma zithunzi za m'mabuku athu banja limakhala bambo, mayi ndi ana awiri pakhomo pa nyumba ya malata, pomwe ana anga ambiri sali choncho, ena akuleredwa ndi agogo, ena bambo ali ku Joni, ena mayi anatisiya amakhala kwa amalume, enanso ndi a banja la mitala. Ndikangoti jambulani amayi ndi abambo ndiye kuti ena ndawapweteka mtima pa tsiku lachisangalalo. Makrayoni nawo ndi ochepa, mapepala ndiye osanena. Munapangapo bwanji anzanga?

Aphunzitsi a ku Dedza: Madam musawauze kuti jambulani banja. Afunseni kuti mumadya ndi ndani nsima madzulo, kapena ndani amakusambitsa, amakufunditsa usiku. Mwana ajambula yekha anthu ake, mwina agogo, achemwali ndi mbuzi yomwe, musiyeni mbuziyo ndi yakwawo. Akamaliza mufunseni uyu ndani, akutani, inu mulembe m'munsi mawu ake enieni osakonza. Wa zaka 3 angokhwatchakhwatcha mizere koma amadziwa kuti mzere uwu ndi agogo, musamugwire dzanja kuti chioneke bwino.

Agogo a mapasa: Mwanawe zipangizo zili pakhomo pomwepo. Dothi lozirira nyumba lija, lofiira, lakuda ndi loyera, sungunulani m'madzi ana aviike manja adinde pa katoni, pa tsikulo owalera adzadinde lawo pambali pake. Makala amalemba bwino pa katoni. Dongo la kudambo aumbe timiphika, ting'ombe, mtondo ndi munsi, koma muumitse pamthunzi, padzuwa zimang'aluka. Guluu musagule, phikani kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa kamamata bwinobwino.

Mwini funso: Zikomo agogo, za manjazo zandigwira mtima chifukwa dzanja silifunsa kuti ndi la mayi kapena la azakhali. Makatoni ndikapempha kwa a magolosale pa trading.

Bambo wa ku Ntcheu: Bwanji ziwongo? Wa Phiri ajambule phiri, wa Mvula mvula, wa Njobvu njovu. Ana amasiku ano akukula osadziwa mfunda wawo.

Mayi wa ku Kasungu: Achimwene ganizo ndi labwino koma pamafunika kusamala, pali ana oti bambo anakana mimba ndiye dzina lomwe akuyendera ndi la agogo, pena pakhomo nkhaniyo sinathe. Madam muyambe mwafunsa owalera. Ine ndikanakonda nsanza za zitenje, mwana aliyense abwere ndi kachidutswa ka nsalu yakutha ya munthu amene amamubereka kumbuyo, mumate pa thumba la ufa mukhale chinsalu chimodzi chachikulu cha kalasi yonse. Kwanu ku Mchinji simulephera kupeza ya ku Kulamba ku Mkaika, ya chigwirizano cha kutchalitchi, ya ukwati wa uje, ndipo mwana amaizindikira nsalu ya kwawo ngakhale ili pakati pa zinzake, aziloza yekha nkumafotokoza.

Mayi wa ku Johannesburg: Ine ndi mmodzi wa makolo amene mukunenawo, mwana wanga ali ndi amayi anga ku Mangochi. Chonde aphunzitsi mwana akajambula munthu amene kulibe musamuuze kuti uyu sakhala nanu mufufute. Ife timalankhula nawo pa foni, kwa iye ndilipo. Ndipo ngati mungathe jambulani pa foni zomwe apangazo mutumize pa WhatsApp kwa amene ali kutali, simukudziwa mmene timazifunira zimenezo kunoko.

Mwini funso: Mayi ndamva ndipo ndichita, manambala ndikatenga kwa agogo awo. Funso lina, nanga mwana akakana kujambula, kapena akajambula zoti kunyumba amamenyedwa, ndipange bwanji? Zimenezi zikundidetsa nkhawa kwambiri.

Aphunzitsi a ku Dedza: Wokana musamukakamize, mpatseni dongo aumbe chomwe akufuna, ena amalankhula manja akamagwira ntchito. Koma chithunzi choonetsa nkhanza musachipachike pa tsikulo ayi, ndipo musamufunse pagulu la anzake. Khalani naye pambali, mumvetsere osamuika mawu m'kamwa, chithunzicho musunge mulembe deti ndi zomwe wanena, kenako dziwitsani wa zoteteza ana wa m'dera lanu kapena ofesi ya social welfare pa boma. Nambala ya 116 ndi yaulere mutha kuyimba akulangizeni. Musapite nokha kukafunsa kunyumbako, mwanayo ndi amene angakavutike inu mutachoka.

Mwini funso: Zikomo kwambiri, 116 ndaisunga. Amene munapangapo za chinsalu chija, kaphala ka chinangwa kamagwira pa thumba la saka kapena ndichite kusoka?