Kasitomala akufuna marble yakale iwale ngati galasi, ndimuuze bwanji?

waMatailosi_LL:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ine ntchito yanga ndi yoika matailosi koma pano ndayamba kupala ndi kupolisha miyala, makina ndimachita kubwereka. Ndiye pali mayi ena kuno ku Lilongwe agula nyumba yakale, pabalaza pali marble, pakhonde pali miyala yaphanthiphanthi ija ya slate. Marbleyo yathimbirira, muli mabanga oyererako osawala makamaka njira ya kubafa, pafupi ndi tebulo lodyera pali banga lakuda la mafuta, kwinako mng'alu. Mayiwa anditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pansi pa hotela ina ya ku Johannesburg akuti ndikufuna ponse pawale chonchi, ndi pakhonde pomwe. Ntchito ndikuifuna kwambiri koma ndikuopa kulonjeza zoti sindikwanitsa. Kotesheni ndilembe bwanji?

Mkulu_waZomba:
Mphwanga usanalembe chilichonse uyambe watsimikiza kuti ndi marble yeniyeni. Masiku ano kwadzadza matailosi a porcelain ojambulidwa ngati marble, amenewo ukangowapala wachotsa khungu lapamwamba basi nyumba ya eni wawononga. Uyang'ane mizere ija, ikamabwereza chimodzimodzi pa matailosi angapo ndiye kuti ndi zakufakitale. Kapena dontheza viniga pang'ono pakona pobisika, marble imachita kudyeka pomwepo, porcelain kapena granite siimva kanthu.

Mabanga oyererawo si litsiro ayi, ndi asidi wadya mwala. Njira ya kubafa imeneyo ndikhulupirira wina ankakolopa ndi mankhwala otsukira chimbudzi. Ngakhale ndimu kapena juwisi amachita zomwezo. Koma usadandaule, amenewo amachoka ukapala. Yamba ndi ma pad a diamond, zopalira zoika kunsi kwa makina (nambala ikamakwera pad imakhala yosalala), okhakhala ngati 50 kapena 100 malinga ndi mmene padyekera, kenako 200, 400, 800, 1500 mpaka 3000, ndipo usadumphe nambala chifukwa mikwingwirima ya 100 siingachotsedwe ndi 800, idzaonekera pamapeto dzuwa likalowa pawindo iwe utalandira kale ndalama. Upale ndi madzi, fumbi la miyala limawononga mapapo.

Banga la mafuta ndi nkhani ina chifukwa linalowa mkati. Umasakaniza soda wophikira ndi acetone (mankhwala amadzi osungunula mafuta) kukhala ngati phala, kupaka, kuphimba ndi pulasitiki kwa tsiku limodzi kapena awiri, likauma limakoka mafutawo. Nthawi zina ubwereza kangapo koma kachithunzithunzi kamatsalabe. Mng'alu umatsekedwa ndi epoxy (guluu wolimba) yofanana mtundu, koma wodziwa pomwe unali adzauonabe. Ziwirizi uwauze mayiwo usanayatse makina.

Dada_waMzuzu:
Zonse anenazi ndi zoona koma ine pa 3000 ndiye ndikutsutsako. Nyumba zathuzi anthu amalowa ndi nsapato za mchenga, mwezi wa October fumbi lili ponseponse, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa marble ndiye umakanda tsiku ndi tsiku. Pansi powala ngati galasi pamaonetsa kachikanda kalikonse, pakapita miyezi ingapo foni ikulira ati munandibera. Kuhotela kuja kuli anthu olembedwa ntchito yosamala pansi pokhapo, mayiwa amve zimenezo. Ine ndimalangiza kulekeza cha pa 400 kapena 800, pamakhala posalala bwino, powala pang'ono, ndipo pamabisa zambiri.

Chimene chimandipulumutsa ine ndi sampulo. Sankha malo oipitsitsa, osati abwino ayi, upale sikweya mita imodzi, theka ulekeze pa 800 theka ufike nalo pa 3000, uwaitane aone ndi maso awo masana komanso usiku magetsi atayaka. Akasankha, jambula, tumiza pa WhatsApp, ayankhe kuti ndavomera.

Za pakhondezo kana poyera. Slate siiwala ngati marble, ndi mwala wa mabampu mwachilengedwe. Ena amangothira vanishi kuti asangalatse bwana, koma ndi dzuwa ndi mvula imayera nkuyamba kusupuka, komanso pakanyowa pamaterera, agogo akagwa mlandu ndi wako. Tsuka bwinobwino, chotsa polishi wakale ngati ankapaka, kenako sealer (mankhwala otetezera mwala) yolowa mkati yomwe imangodetsako mtundu.

Mayi_aKuNamiwawa:
Ndiyankheko ngati mwini nyumba. Ife sitikwiya chifukwa banga latsala, timakwiya chifukwa munati lichoka. Amene anandigwirira ine anandiuza kuti akaika sealer palibe chingaononge pansi, ndiye mwana atataya juwisi wa malalanje mpaka mmawa panachita banga loyera, nditafunsa ndi pomwe akundiuza kuti sealer imangochedwetsa mafuta ndi madzi kulowa koma asidi siimuletsa. Bwanji osanena poyamba? Chinanso achimwene, tiuzeni kuti mipando yonse ituluka, kukhala phokoso, madzi amatope adzathovukira kukhoma, ndipo mutenga masiku angati magetsi akamazimazima. Ndiponso muphunzitse amene amakolopa mnyumbamo, osati madam okha, chifukwa mopu amagwira ndi iyeyo. Viniga ayi, mankhwala akuchimbudzi ayi, sopo wofatsa basi ndi kachiguduli kopukutira mapazi pakhomo.

waMatailosi_LL:
Zikomo kwambiri nonse. Viniga ndayesa kuseri kwa chitseko, yadyekadi, ndi marble. Mayi avomera sampulo Loweruka ndipo za khonde amvetsa ngakhale anakhumudwako. Funso lina akulu, matailosi ena atukuka pang'ono m'mbali moti phazi limakhumudwa, zimenezi ndiziphatikize pa mtengo wa sikweya mita kapena ndilembe padera?

Mkulu_waZomba:
Padera mphwanga. Kusalaza mapewa amenewo kumafuna ma pad achitsulo ndipo kumadya nthawi kuposa kupolisha konse. Koma uyambe wagogoda tailosi iliyonse ndi chogwirira cha sikuludiraiva, yolira ngati ng'oma ilibe simenti pansi, makina olemera akadutsa ikhoza kusweka. Zimenezo uzilembe chizindikiro ndi choko uwaonetse mayiwo Lowerukalo.