Thandizeni, ndikupanga kakombi kakale kogonamo koma kumaso kwandikanika

Kombi_Mpondasi

Akuluakulu muli bwanji pano. Ine ndimakhala ku Mpondasi, ndili mwana ndinkapanga magalimoto a mawaya ngati ana ena onse koma pano ndikufuna kupanga chinthu chenicheni, choti munthu akachiona pa shelefu aziti iyi ndi galimoto yeniyeni yangochepa. Chaka chatha ndili ku Cape Maclear ndinaona alendo awiri atabwera ndi Volkswagen kombi yakale ija, injini kumbuyo, denga lake limatukuka nkukhala ngati tenti, mkati muli bedi, kasinki, kakabati ndi makatani a mabokosimabokosi, padenga panalembedwa Westfalia. Anandilola kujambula mbali zonse ndi mkati momwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo galimotoyi sinachoke mmutu mwanga.

Ndinayamba ndi makatoni. Mbali ziwiri zinatheka bwinobwino koma kumaso kuja kozungulira ngati chipumi cha mwana ndayesa kanayi konse, katoni ikungothyoka mizere, ndiye dzinja litafika inafewa yonse ndipo mphemvu zinadya malo onse amene ndinamata. Galasi lakutsogolo ndinadula ku botolo nkumata ndi supa guluu, mmawa ndikudzuka ndapeza layera ngati lathiridwa ufa. Ndiyambenso ndi chani, nanga miyeso mumaipeza bwanji poti galimotoyo inapita kalekale?

Aphunzitsi_Namwera

Achimwene mwasankha galimoto yabwino, ndipo pa nkhani ya miyeso muli ndi mwayi. Kombi zonse zakale zija, ya magalasi awiri kumaso imene inayamba 1950 ndi ya galasi limodzi imene inabwera 1967, kuchoka pakati pa teyala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo ndi mamilimita 2400 ndendende. Ndiye mukasankha sikelo ya 1:12 mugawe ndi 12, mupeza masentimita 20. Yanuyo ngati ili ya galasi limodzi kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 4.5, pa sikelo imeneyi ndi masentimita 37 ndi theka, mulifupi mamita 1.72 ndiye masentimita 14 ndi pang'ono, teyala lidzakhala cha mma sentimita 5 ndi theka.

Chochita ndi ichi, tengani chithunzi chammbali chimene munajambula muli patali ndithu, chapafupi chimanama chifukwa pakati pamatupa kumapeto nkuchepa. Mupite nacho kosindikiza pa boma paja akakulitsire mpaka pakati pa mateyala pakwane masentimita 20 pa rula. Zikatero china chilichonse, mawindo, chitseko, nyali, mungoyeza papepalapo osawerengeranso. Ena angakuuzeni 1:24 poti ndi imene amakonda opanga timagalimoto ta mmabokosi, koma ine ndikukana, kasinki kadzakhala kochepa ngati njere ya chimanga ndipo zala zathu ndi lezala sizingakwanitse, pomwe chokoma cha galimotoyi chili mkati.

Muyang'anenso ma indiketa pa zithunzi zanu. Zoyambirira ali pansi pa nyali zazikulu, cha mma 1973 anawakweza mmwamba. Denganso, zoyambirira limatukuka kumbuyo, za kuyambira 1974 limatukuka kutsogolo. Musasakanize, odziwa amaona msanga. Chitseko chokoka chija chimakhala mbali yotalikana ndi dalaivala, ndiye ngati yawoyo inali ya chiwongolero kumanzere musachiike kumene zimakhala za minibasi zathu.

Panabita_MonkeyBay

Aphunzitsi anena zoona pa masamu, ine ndilowe pa zamanja. Katoni isiyeni aise, kuno kunyanja chinyezi sichikhululuka. Pezani paipi ya PVC yopyapyala ya madzi oipa ija, ya mamilimita 110, mudule chidutswa nkuching'amba mlitali, muchiviike mmadzi owira mphindi zingapo chifewe ngati chikopa, kenako muchipanikize pakati pa matabwa awiri mukhalepo mpaka chizizire. Mwapeza pulasitiki yosalala yoti mbali, pansi ndi makabati zonse zituluka mmenemo, imadulika ndi hakiso komanso imakhulika ndi sandipepa. Chonde osaiotcha pamoto ipse, utsi wake ndi woipa pachifuwa.

Kumasoko simupinda ndi manja, mumayamba mwasema chikombole. Tengani chipika cha malaina, ndi chofewa, museme nkhope yonse ya kombiyo ndi mpeni koma ichepe pang'ono ndi kunenepa kwa pulasitiki yanu, muikhule mpaka chala chisamamve bampu paliponse, apa musathamange ngakhale zitenge sabata chifukwa cholakwika chilichonse cha pachipika chidzaoneka pa galimoto. Ndiye mufewetse PVC ija, muiveke pachipikacho mutavala magolovesi kapena ndi nsanza, mukoke mmbali mumange ndi malegeni izizire ili pompo. Ulendo woyamba imachita makwinya mmakona, mungoibwezera mmadzi. Timaenje totsala mutseke ndi bodefila yomweyi timagwiritsa pa magalimoto, supuni imodzi yokha ikwana, mukapempha pa galaja iliyonse sangakumaneni. Pa timing'alu tating'ono dontho la supa guluu nkuwazapo soda wophikira, zimauma pompo nkulimba ngati mwala.

Galasi linayera chifukwa cha mpweya wa supa guluu, umatero pa pulasitiki yoonekera. Mawindo mumate ndi guluu woyera wa akalipentala, pang'ono chabe mmphepete, akauma saoneka. Ndipo chipika chomwecho chikupatsani galasi lopindika, chilowetseni mbotolo lalikulu la pulasitiki loti chikwanemo, lodula kukamwa, mulizungulitse pamwamba pa mbaula patali ndi moto, botolo limakhwinyata lokha nkugwira chipika thithithi, mungodula pamene pali galasi. Mateyala ine ndimadula ku patapata wakuda wakutha, ndimaboola pakati nkuika pa bawuti, kuzungulitsa pa dirilo ndikukhula.

Mukapenta musaumike padzuwa la mu Okotobala lathu lino, idzapindika mukuona.

Mayi_Telala_Makawa

Mwana wanga za tentiyo ndi makatani usatenge chitenje, maluwa ake ndi aakulu ndipo nsaluyo ndi yokhuthala, pa kagalimoto kotero idzangoima ngati lata. Funa mpango wa mthumba wakale kapena shati yopyapyala ya pa kaunjika ya timabokosi tating'onoting'ono. Uinyowetse mmadzi osakaniza ndi guluu woyera pang'ono, upinde timapinda ndi singano, ikauma imakhala choncho osamasuka. Mphepete usasoke, ulusi udzaoneka ngati chingwe, ungopaka guluu isasosoke. Ukadutsa pa Makawa tizidutswa ndili nato tambiri mthumba.

Kombi_Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Aphunzitsi ndayang'ana zithunzi, ma indiketa ali pansi ndipo denga limatukuka kumbuyo, ndiye ndi ya zoyambirira zija, chiwongolero chili kumanzere ndipo ndikanalakwitsadi chitseko. Paipi ndapeza chidutswa kwa mnzanga pulambala, dzulo ndaviika mumphika wa madzi osamba ndipo yawongoka bwino, kungoti mbali imodzi yatsala yopindika pang'ono, ndibwereza madzulo ano. Chipika cha malaina ndayamba kusema. Amayi ndibwera Loweruka pokagula nsomba. A Panabita funso limodzi, nyali zozungulira zija ndiziboole PVC isanapindike kapena itazizira kale pachipika?

Panabita_MonkeyBay

Itazizira, ili pachipika pompo. Mukaboola kaye mabowo amakokeka nkukhala ngati dzira. Nyalizo yesani timapaketi ta mapilitsi ozungulira tija, mudule kachotupa kamodzi, kumbuyo muikeko pepala lonyezimira la mpaketi ya bisiketi, mudzatumize chithunzi tione.