Lamulo linawalola kuvota mu 1870, nanga ku Selma ankamenyedweranji mu 1965?

Nachisale:
Abale ndithandizeni. Malamulo oyendetsera dziko la America anasinthidwa mu 1870 kuti munthu asaletsedwe kuvota chifukwa cha khungu lake. Nanga zinatheka bwanji kuti patapita zaka 95, anthu akuda n'kumamenyedwabe pofuna voti yomweyo? Ankawatsekereza ndi chiyani kwenikweni?

Bambo Phiri:
Mayi, lamulo la 1870 linangoletsa kukaniza munthu chifukwa cha khungu, ndiye zigawo za kummwera zinapeza njira zosatchula khungulo. Mississippi mu 1890 inaika msonkho wa madola 2 pachaka komanso mayeso oti munthu awerenge kapena amasulire ndime ya malamulo a chigawocho. Wosankha ndimeyo anali mlembi wa kalembera, wochonga analinso yemweyo. Mzungu ankapatsidwa chiganizo chimodzi chofewa, wakuda ndime yoti ndi loya yemwe atuluka nayo thukuta.

Louisiana mu 1898 inawonjezera kuti amene bambo kapena agogo ake anali ndi ufulu wovota pofika 1867 asayesedwe. Nanga kapolo ankavota? Anthu akuda olembetsa kumeneko anatsika kuchoka pa 130,334 mu 1896 kufika pa 1,342 mu 1904. Panalinso zisankho zachipulula za azungu okhaokha za chipani cha Democratic, pomwe kummwerako wopambana chipulula ndiye anali atapambana kale. Zimenezi anazigwetsa ndi a Thurgood Marshall a bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP pa mlandu wa Smith v. Allwright mu 1944.

Mayi Nyirenda:
A Phiri anena za pepala, ine ndiwonjezere za pakhomo pa ofesi. Ku Selma, tawuni ya m'chigawo cha Alabama, kalembera ankachitika masiku awiri okha pamwezi. Anthu ankaima pamzere tsiku lonse, n'kulowa ochepa chabe. Ku Mississippi mayina a ofuna kulembetsa ankasindikizidwa m'nyuzipepala, choncho bwana wako, mwini munda ndi wokukongoza ndalama ankadziwa msanga. A Fannie Lou Hamer, omwe anali tenanti pamunda wa thonje, atapita kukalembetsa ku Indianola mu 1962 anathamangitsidwa pamundapo, pomwe anagwirapo ntchito zaka 18.

N'chifukwa chake ndimati ntchito yaikulu sinali pa zionetsero pokha. A Septima Clark ndi anzawo anayambitsa sukulu za akuluakulu ku Johns Island m'chigawo cha South Carolina mu 1957, zophunzitsa anthu kusaina dzina lawo ndi kuwerenga ndime zofunsidwa zija. Mu 1964 anyamata atatu ogwira ntchito ya kalembera, James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, anaphedwa ku Neshoba County ku Mississippi. Mtengo wake unali umenewo.

Bambo Kalua:
Vuto la milandu linali loti ukagwetsa msampha umodzi patatha zaka kukhoti, m'mawa mwake atchera wina. Apolisi atamenya a John Lewis, mmodzi wa atsogoleri a zionetsero zofuna voti, ndi anzawo ndi zibonga ndi utsi wokhetsa misozi pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma pa 7 Marichi 1965, dziko lonse linaona pa TV, ndipo pa 6 Ogasiti pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo la Voting Rights Act.

Lamuloli linaimitsa mayeso aja m'madera odziwika ndi tsankho, linalola boma la ku Washington kutumiza alembi ake, ndipo gawo 5 linatembenuza zinthu: dera lofuna kusintha chilichonse, ngakhale kusamutsa malo oponyera voti, liyambe lapempha chilolezo ndi kusonyeza kuti silikupondereza aliyense. Ku Mississippi akuda olembetsa anakwera kuchoka pa 6.7 peresenti kufika pafupifupi 60 pofika 1967.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mu 2013, pa mlandu wa Shelby County v. Holder, majaji 5 mwa 9 a khoti lalikulu anathetsa gawo lomwe linkatchula madera oyenera kupempha chilolezocho, gawo 5 n'kutsala lopanda mano. Chaka chomwecho North Carolina inadula masiku ovota msanga n'kukhwimitsa za ziphaso. Khoti la apilo linadzagwetsa lamulolo mu 2016, litapeza kuti linalunjika anthu akuda, koma apo n'kuti chisankho cha 2014 chitachitika kale masikuwo ali odulidwa.