Ndithandizeni pa mawu oti "weigh down", a sir anandilemba chofiira

Mtsikana_wa_Zolozolo:
Moni nonse. Ine ndikubwereza folomu 4 chaka chino, masana ndimagulitsa nthochi mumsika waukulu muno mu Mzuzu madzulo ndimathamangira ku open. English ndi yomwe inandigwetsa ulendo watha, ndipo mukudziwa kale kuti popanda English satifiketi ya MSCE palibe olo bio ndi masamu ukhoze bwanji.

Sabata yatha anatipatsa kompozishoni yoti tilembe za nthawi yovuta pamoyo wathu. Ndinalemba za chaka chomwe mayi anagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri, ine kusamala azing'ono anga atatu, lendi, ngongole ya banki m'khonde, zonse pamutu panga. Ndiye penapake ndinalemba kuti "All these problems weighed down me." A sir azunguliza ndi chofiira nkulemba pambali kuti word order basi, belu linalira sanafotokoze. Mnzanga wina akuti ndikanalemba "weighed on me", wina akuti "weighted me", pano mutu wazungulira. Chomwe ndimafuna kunena nchoti mavutowo anandilemera mpaka m'mamawa thupi limakana kudzuka, osati kudwala ayi, koma ngati wina wandikhazika mwala pachifuwa. Zilembedwe bwanji kuti zimveke chonchi?

Mphunzitsi_Luwinga:
Achemwali, choyamba pepani ndi zomwe munadutsamo. Mawu munasankha olondola, angosemphana malo. Lamulo lake ndi ili, "weigh down" ndi mawu awiri omwe amalola kuti china chilowe pakati pawo. Ngati chopsinjidwacho ndi dzina, mutha kuchiika pakati kapena kumapeto, "The load weighed the bicycle down" kapena "The load weighed down the bicycle", zonse bho. Koma chikakhala mlowam'malo, me, him, her, us, them, it, chimenecho malo ake ndi pakati basi, sichipita kumapeto. Ndiye chiganizo chanu chikhale "All these problems weighed me down." Nchimodzimodzi "pick it up" kapena "switch it off", palibe amati "switch off it". Ana anga ndimawauza kuti aloweze chiganizo chimodzi chathunthu mmalo moloweza lamulo, chifukwa m'chipinda cha mayeso lamulo limathawa koma chiganizo chomwe unachiyimba chimabwera chokha.

Ya "weighted me" ija itayeni. Mneni ndi weigh, zakale ndi weighed, pomwe weight yokhala ndi t kawirikawiri ndi dzina, kulemera kwa chinthu, monga makilogalamu 50 a thumba la chimanga. Ndipo gh samveka, weigh amatchulidwa ngati way, weighed ngati "weyidi" mongodula.

Sacramento_Chibavi:
Asisi ine sukulu ndinalekera folomu 4 yomweyo koma mawu awa ndimawamva ndi miyendo tsiku lililonse. Mukakweza matumba awiri a makala pa kaliyala, tayala lakumbuyo limafwamphuka ngati laphwa mpweya, handulo imapepuka kutsogolo, ukafika pachitunda umatsika nkumakankha, imeneyo ndiye njinga yomwe ili weighed down. Nchifukwa chake pali down, katunduyo akukukanikizira pansi. Weigh payekha ndi kungoyeza pa sikelo ngati mmene amayezera nyemba kapena mwana ku sikelo ya ana, palibe kuvutika pamenepo.

Ine ndimaona kuti ambiri timasokonezeka chifukwa m'mutu timayamba ndi mawu oti kulemera, ndiye kulemera kwathu kuli pawiri, thumba limalemera, munthu wa ndalama nayenso walemera. Mawu omwe akugwirizana ndi weigh down ndi kupsinja. Taonani nyumba zina kwathu kuno ku Chibavi, malata apsinjidwa ndi miyala ndi njerwa pamwamba kuti mphepo ya mvula isasasule denga, pachizungu ndi "They weighed the roof down with stones." Olo amayi a kaunjika akayala pulasitiki pansi amaika timiyala m'makona, ndi weigh down yomweyo. Ndiye munthu ukati wapsinjika ndi mavuto, ndi zomwe munalembazo ndendende, mwala pachifuwa uja mwanena.

Mama_Katoto:
Mwanawe, mnzako wa "weighed on me" uja sanalakwe kwenikweni, chiganizo chake nchololedwa, koma sichikunena zomwe iwe umafuna. Weigh on ndi nkhani yomwe ikukudya mumtima, ukugwira ntchito zako bwinobwino koma ukagona usiku yabwera, monga wamuyankha mwano munthu wamkulu ndiye sunapepese, "It has been weighing on my mind." Weigh down ndiye yakufooketsa, mphamvu zatha, nkhope yagwa, aliyense akuona. Kwa iwe amene thupi limakana kudzuka, weigh down ndiye yake. Komanso ona kuti on salola kulekanitsidwa, ndi "weighs on me" nthawi zonse, sungati "weighs me on".

Ine ndinasamalapo bambo a ana anga nthawi yaitali ndiye zomwe ukunenazi ndikuzidziwa, kuphika phala 4 koloko m'mamawa kuzizira kwa mu June kuno, kukwera phiri ndi basiketi ya chakudya, kubwerako ana sanadye. Usachotse ndime imeneyo mu kompozishoni yako poopa chofiira, ndi pomwe pali moyo wa nkhani yonse. Mayi ali bwanji pano?

Mtsikana_wa_Zolozolo:
Zikomo kwambiri nonse, amama mayi ali bwinoko, ayambanso kupita kumunda ngakhale amatopa msanga. Achimwene a Sacramento ya kupsinja ija yanditsegula m'maso, sindidzaiwalanso. Ndayesa kulembanso, a sir onani ngati zili bwino:

"That year, debts and worry weighed me down. Every morning I walked to the hospital weighed down by a basket of food, and my mother's illness weighed on my mind all night."

Pa basiketi apo ndakayika, ndi by kapena with? Komanso ndinaonapo "weigh up" mu past paper, ndi zosiyana eti?

Mphunzitsi_Luwinga:
Zakoma kwambiri achemwali, mwagwiritsa zonse ziwiri pamalo pake. Pa basiketi by sinalakwike, palibe angakuchotsereni malikisi, koma pa katundu wogwirika yemwe munthu wanyamula makutu a eni chiyankhulo anazolowera with, "weighed down with bags", kapena mtengo wa mango womwe nthambi zawerama ndi zipatso, "branches weighed down with fruit". By imabwera kwambiri pa nkhawa, ngongole, udindo, "weighed down by debt". Malire ake siokhwima, mupeza "weighed down with grief" m'mabuku, ndiye musataye tulo pamenepo.

Chomwe ndingakonze ine nchoti weighed yabwera katatu m'mizere iwiri, wochonga amatopa nazo. Siyani yoyamba ndi yomaliza, yapakatiyo mungoti "carrying a heavy basket of food".

Weigh up ilibe chochita ndi katundu, ndi kulingalira mbali zonse usanasankhe, ngati mmene munachitira poganiza zobwereza folomu 4 kapena kungopitiriza bizinesi, "I weighed up my options." Mu mafunso osankha yankho amakonda kuika down, on, up pamzere umodzi, ndiye muziwerenga chiganizo chonse kaye muone ngati munthuyo akupsinjika, akudyeka mumtima kapena akuganizira chochita. Mukakonza ndimeyo kawaonetseni a sir anu musanalembe kompozishoni ina, awone kuti word order ija mwaigwira.