Za zimangirizo zouma zija, mvekero wathandiza

Mwezi watha ndinafunsa chochita ndi ophunzira anga a Fomu 2 amene zimangirizo zawo zimangoti "tinapita, tinafika, tinabwerako". Ambiri munati ndiyambire pa mvekero (mawu monga "bii" ndi "waa"), zining'a zibwere pambuyo. Munanena zoona.

Ndinawauza alembe za mvula yoyamba, aikemo zimene khutu linamva ndi zimene diso linaona. Mtsikana wina, yemwe m'kalasi amangokhala duu, analemba kuti: "Kumwamba kunada bii, mphezi ng'ani! Mvula waa pamalata, agogo n'kuthamangira ufa umene anayanika pamkeka." Atawerenga mokweza, anzake anangoti zii. Kuwerenga mokweza kumeneku n'kumene kwawaphunzitsanso chibwereza, chifukwa khutu limadziwa lokha pamene mawu obwerezedwa akukoma ndi pamene akutopetsa.

Koma ena akokomeza. Mnyamata wina anathira mvekero m'kalata yofunsira ntchito, ndinaseka ndekha pochonga.

Zifanifani ndiye zikadali mutu waukulu. Aliyense amangolemba kuti "wakuda ngati khala", zoloweza poyembekezera mayeso a JCE. Sabata ino ndawaletsa khalalo, aliyense afanizire ndi chinthu chimene wachiona kwawo m'mawa uno.